Sutikesi ya a Noboru ndi dayisi ya a Kasai

Anamalira inu, ine azakhali a malemu sukulu ndinangoinunkhiza, ndiye ndiyamba ndi ndagi. Kanthu kopanda pakamwa, koma kakagubuduzika patebulo madoda a imvi amalira. N'chiyani? Ndi dayisi, kachibenthu ka madontho koponya pamasewero kaja. Ansembe, musanditong'olere maso, nkhani ikubwera.

Malemu a Noboru Tsushima anabadwa pa 9 Novembala 1966 konkuno ku Hirosaki. Woyamba kuwasambitsa ndinali ine, lero ndine ndatola mafupa awo m'phulusa.

Mu 1982, ali ku sekondale, anadzaza sutikesi ndi timabuku ta zithunzi ta ngwazi zouluka, n'kuyambitsa masewero apatebulo. Iwo ankafotokoza nkhani ndi kuyendetsa zigawenga, mnzawo aliyense ali ndi ngwazi yake, dayisi n'kumaweruza womenya ndi womenyedwa.

Mu 1988 anayamba kuyendetsa basi. Mu 1993 anakwatira a Fumie, amene anawalandira ndi sutikesi yomwe. Mitu inachita kuyera gulu lija likukumanabe Lamlungu lililonse.

Lachiwiri lapitali anakwera padenga kukachotsa chipale chofewa chimene chinagwa ndi kuzizira, anatsika bwinobwino, anapempha tiyi, mtima n'kuima. Basi! Osadwala, osatsanzika.

Asiya a Fumie, ana awiri, Kenta ndi Yuri, ndi mdzukulu. Tikuthokoza madalaivala anzawo ndi achinansi amene atilambulira njira m'chipalemu.

Tsono mpando wa wofotokoza nkhani watsala wopanda mwini, ndipo banja landituma nditchule wotenga sutikesi. A Mitsuru Kasai a m'gulu lija, awa akhala kutsogolowa, sanatipatse mpata chiyambire dzana: "Mpandowo ngwanga, azakhali! Ngwazi yanga sinagwepo. Noboru anali ndi dzanja latsoka, ine mwayi ndinabadwa nawo." Dzulo anafumbatitsa malemu dayisi yawo yamtengo, amvekere, "Tenga, aise, mwina uko ukapambanako."

M'mawa uno thupi litawotchedwa, tikutola mafupa ndi timitengo monga mwa mwambo wathu, ndinapana kanthu pamene panali dzanja. Sikafupa ayi. Ndi aka, penyani nonse: kachitsulo kobulungira. Mtengo unapsa, chobisika m'kati n'kutsala. Ndinangoti kukamwa yasa!

A Kasai, mwayi munabadwa nawo uja ndi wachitsulo? Ndiye chifukwa chake dayisi yanu inkagwera mbali imodzi ngati chidakwa cha pa siteshoni! Zaka zonsezi mwana wa mlongo wanga ankasamba m'manja asanaponye, akuti achotse tsoka. Sekani, anthuni, musachite kudzitsina. Onani a Fumie nawo misozi yasanduka ina.

Sutikesi ikupita kwa a Sayoko Ichinohe a m'gulu lomwelo, amene ngwazi yawo yakhala ikufa mwachilungamo chiyambire.

Noboru mwana wanga, dzanja lako linalibe mlandu. Ukagone bwino, mzimu wako uuse mumtendere.

A Kasai, mukuthamangira kuti osavala nsapato? Khomo limenelo ndi lakuchimbudzi.