Mlombwa wa ku Joni

Kwathu ku Mlangeni ena amanyadira mbatatesi, ena ng'ombe. Ine ndimanyadira mlombwa wa kuseri kwa nyumba, umene mbewu yake agogo anabwera nayo m'chipewa kuchokera ku migodi ya ku Joni. Tsono a zankhalango, amene anathothola tsamba lake kukapima, anabwera ndi yankho ine kulibe, n'kusiya uthenga kwa mkazi wanga Zelesi, munthu wosadziwa kukometsa nkhani.

"Akuti bwanji?" ndinafunsa, chifuwa chili patsogolo.

"Akuti mtengowu kwawo ndi m'phiri."

"Phiri la ku Joni?"

"Ayi, ili timadyetsako mbuzili." Analoza ndi mlomo.

"Aa, mayi a Mfundo, mtengo amaufunsa kwawo?"

"Akuti anawerenga chibadwa chake m'tsambamo, ati di-eni-e. Chikufanana ndi cha zitsa zija zikuphukira m'phirimu."

"Nanga chipewa cha agogo?"

"Chipewa sanapime. Mukanawapatsa."

"Chipewacho chinafika ku Joni!"

"Eya, chinafika. Koma pobwera chinadutsa m'phirimu. Njira ndi yomweyi."

Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi nkhwangwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuimika alendo pansi pa mtengowu, ngakhale ongofunsa njira, n'kumawafotokozera za Joni kumene ine sindinapondeko. Zinandiwawa, ndisaname.

"Ngati ndi mtengo wamba wa kutchire, ndiucheka matabwa. Sindingasunge wabodza pakhomo pano."

"Mtengowu sunanenepo kanthu. Amanena ndinu."

"Ndiye mukuti agogo ananama?"

"Kaya. Ine sindinawapeze, ndinangomva kwa inu."

"Chabwino. Abale akewo ali kuti? Abwere adzauchitire umboni."

"Anatha. Ena anapita ku makala, wina ndi chitseko chathuchi. Munadula nokha."

Ndinayang'ana chitsekocho. Chitseko chabwino ndithu, chosafumbwa.

"Akuti mwa milombwa yobereka watsala uwu, ndi kena ka kwa aneba athu a Wilfred," Zelesi anapitiriza uku akusenda mbatatesi. "Akufuna mbewu zake akafese, abwezeretse m'phirimu mtundu wake weniweni, wozolowera chisanu cha kuno."

"Alembe kuti ndi wa ku Joni, ndiwapatsa thumba lodzaza."

"Ndinawauza kuti mudzatero. Akuti wa ku Joni alibe nawo ntchito."

"Ee? Basi, ugwe."

Ndinalavulira m'manja, n'kukweza nkhwangwa pang'onopang'ono kuti Zelesi apeze mpata wondigwira mkono. Sanasunthe.

"Mugwetsere uko. Kuno kuli khola la nkhuku."

"Ndikudula zenizeni, mwamva?"

"Ndamva. Akuti mukakana apita kwa a Wilfred."

"Wilfred? Wa kamtengo kokhota ngati chogwirira ambulera kaja?"

"Omwewo. Mbande zonse azizitchula dzina la mwini mtengo. Ati aikanso chikwangwani pamsewu, aliyense wodutsa pa minibasi aziwerenga: mlombwa wa a Wilfred."

Nkhwangwa ija inayamba kulemera. Ndinaitsitsa, ndinaitsamiritsa kuseri kwa nkhokwe, n'kuyamba kutola mbewu zimene zinagwa pansi, minga yake ikundibaya zala.

"Abweranso liti anthuwo?"

"Mawa m'mawa. Ndiye ndiwauze kuti mwakana, poti agogo anautenga ku Joni?"

"Joni wake uti, mayi a Mfundo? Agogo anga ngakhale ku Balaka sanafikeko."