Ndikufuna Chikopa

Pamsika wa thonje ku Balaka, mayi wina anatula dengu pasikelo n'kumuyang'anitsitsa kalaliki wa Boma.

"Makobiri mumatidula tikagulitsa thonje aja mubweza liti? Blasius wanga amuthamangitsa kusukulu ya mishoni, sanalipire."

"Boma likukusungirani, mayi. Lidzakuthandizani mtengo ukadzatsika."

"Unatsika chaka chatha, bambo."

"Sunatsike kwenikweni."

"Ine mbuzi yanga ndinakaikiza kwa achimwene ku Chikweo. Ndikapitako amandionetsa, ndi tiana take tomwe. Nanga zanuzo zaswa kangati?"

"Ndalama siziswa, mayi. Ndipo lero simulandira, iyayi."

"Ndiye kuti zinafa?"

"Sindinatero ine."

"Kwathu mbuzi yoikiza ikafa, wosungayo amabwera ndi chikopa, mwiniwake aone. Kawauzeni a Disii kuti amake Blasius akufuna chikopa."