Mlonda Wolekeza pa Khumi

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni.

Amene anandilakwira ndi abwana anga, Bambo Nkhoma. Anandibisira chinthu chimene chikanapha mwana wa eni, kenako n'kundikankhira mlandu. Mukundidziwa, sukulu ndinalekeza Fomu 2, ndipo ena muno munandileretsapo ndewu pa Biwi. Bambowa ananditola ndikusesa mu intaneti kafe, n'kundiphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Tinalembera kachipatala kena ku Area 23 pulogalamu yosindikiza timapepala tomata pa mankhwala. Mkati mwake muli kachigawo, timati fankishoni, kamene a Nkhoma anapanga kale ndipo timakagwiritsa ntchito paliponse. Umakapatsa zinthu khumi ndi ziwiri motsatana: dzina, zaka, kulemera, mpaka kumapeto. Ndiye pali mlonda, timati kompaila. Ukaika kulemera pamalo pa zaka amakana, pulogalamu siyenda. A Nkhoma ankati, "Ameneyu akapanda kudandaula, iwe usaganize. Zili bwino."

Abale, sanandiuze kuti mlondayo amasecha zinthu khumi zoyamba basi. Ziwiri zomalizazo zimangodutsa. Ndipo ziwirizo ndi kuchuluka kwa mapiritsi ndi kuchuluka kwa masiku. Ine ndinazisemphanitsa. Mlonda anangoti zii.

Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito, ine ndi a Nkhoma tili kuchipatalako, cha m'ma 10 koloko, nesi anakuwa ali ndi kapepala m'manja. "Mapiritsi asanu tsiku limodzi? Kwa mwana? Ndinalemba limodzi, masiku asanu!" Kanali kapepala ka wodwala wachiwiri. Woyamba, mayi wa ku Kaliyeka ndi mwana wa zaka zitatu, anali atapita kale.

A Nkhoma anandiloza pamaso pa onse. "Ndi uyu, wosaphunzira. Kompyuta silakwa."

Ndinathamangira ku buku la odwala kukaona kumene mayi uja amakhala. M'buku munangolembedwa kuti Kaliyeka, kuseri kwa telala. Matelala a ku Kaliyeka alipo angati, abale? Mvula inali ikugwa, ine ndikuthamanga m'matope, ndikuitukwana mvulayo, Mulungu andikhululukire. Pakamwa panali mawu amodzi: Ambuye, asameze. Ambuye, asameze. Ndinkaona kale kabokosi kakang'ono. Ndinkaona ndende ya Maula.

Telala wachinayi, mkulu wina wa kapusi, ndiye anandilozera khomo. Ndinapeza mayi ali pakhonde, mwana pamiyendo, mapiritsi asanu ali m'sosala, kapu ya madzi pambali. Ndinafunsa, "Amayi, mwampatsa?"

"Ayi, achimwene. Anesi anati adye kaye. Makalawa anyowa, akukana kuyaka, phala silinapse."

Makala onyowa, abale! Mvula imene ndinkaitukwana ija! Ndinakhala pansi m'matopemo n'kulira ngati mwana.

Nditabwerera ndinawapeza a Nkhoma ali okha pa kompyuta. Anati chapansipansi, "Za khumizo ndimadziwa. Ndimati ndidzakonza." Chibakera changa chinali chitakunga kale. Ndinachita mantha ndi dzanja langa lomwe, poti ndimalidziwa.

Ndikuthokoza Mulungu, mwana uja ali moyo. Amayi a mumpingo muno, lizani nthungululu, kondwerani nane, chifukwa dzanja ili silinadzuke. Ndinangowayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Bwana, kusemphanitsa ndinasemphanitsa ndine, ndavomera. Koma mlonda wanu analekeza pa khumi ngati mmene ine ndinalekezera Fomu 2. Kusiyana kwake n'kwakuti zangazo sindibisa."