Anafufuta Zaka Zanga Zinayi

Monile mose, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Mtonga, wa kwa Mwase. Mumandidziwa ngati wokonza mawailesi pamsika wa pa boma. Zakale simuzidziwa.

Ndinkagwila nchito ku Lusaka, pakampani yoitanitsa makina a masewela a pa vidiyo, aja oponyamo kachitsulo. Kuseli kwa ofesi kunali kachipinda kathu. Tinalimo anayi. Nchito yathu inali kupanga masewela a kampani yeniyo, osati ogula kunja. Zaka zinayi, abale, zaka zinayi tikuumba nsolo ya pa kompyuta. Ngakhale kaphokoso ka mwala ukamagwa m'dzenje ndinakajambula ndine, ndi timiyala tochoka kuno kwathu.

Titangotsiliza, mwini kampani anapeleka mpando kwa mlamu wake. Bwana watsopanoyo analowa mwathu, osakhala n'pansi pomwe.

"Nsolo? Anthu afuna za nkhonya. Nsolo akasewele pansi pa mtengo."

Ndinati, "Bwana, ikani makina amodzi okha m'sitolo, muone."

"Mtonga, muno mukhala mosungila katundu."

Madisiki a kompyuta omwe munali masewela athu anawafufuta kuti mlembi azisungilamo makalata. Ndinaona ndi maso angawa.

Inali nthawi ija makampani ankachotsa anthu tsiku ndi tsiku. Nanenso anandichotsa, ndinabwelela kuno chimanjamanja. Kumudzi ankanditcha "Amasewela". Munthu wa ndevu, ati anapita ku Lusaka kukasewela. Ndinayamba kachasu. Ndinamwa, abale, ndinamwa mpaka mkazi wanga, NyaZimba, anatenga ana n'kubwelela kwao ku Magodi. Anati, "Sindikuthawa umphawi. Ndikuthawa mkwiyo wanu."

Tsiku lina a Banda, mkulu wa mpingo uno, anandipeza ndili gone pakhonde dzuwa lili pamutu. Sanandilalikile. Anatsitsa panjinga chimkuzamawu cha mpingo chakufa.

"Ndamva manja anu amadziwa mawaya."

Ndinachilandila. Chinanditengela masiku atatu osamwa, koma chinalila. Lamulungu ndinabwela kudzamva ngati chikumveka bwino. Ndinaima panja, kenaka kumbuyo, lelo ndili patsogolo.

Ndikuthokoza Mulungu, mowa ndinasiya. Ana amabwela patchuthi. NyaZimba sanabwelele, ndipo sindimudandaula.

Koma sindinama m'nyumba ya Mulungu. Bwana uja sindinamukhululukile. Ndikafika pa mawu aja a kukhululuka m'pemphelo la Ambuye, pakamwa pamauma. Mundipemphelele pamenepo, abale. Yewo chomene.