Klorini m'matanki a kukhola la nkhumba

Ine, Monika Dzoole, wa zaka 43, wa m'mudzi mwa Kanyenda kwa Kaphuka, ndine mlimi wa mbatatesi komanso wosamalira matanki a magetsi a gulu lathu la alimi a nkhumba.

Matankiwo alipo anayi, mamita makumi awiri kumunsi kwa khola. Madzi otsukira khola amalowa m'menemo. Tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pamakala a m'matankimo timadya zonyansazo n'kutulutsa magetsi oyatsa timababu titatu, madziwo n'kupita kudimba atayera. A Zondiwe a ku yunivesite adatha miyezi khumi ndi inayi akusintha makala, mawaya ndi liwiro la madzi kuti timababuto tiyake. Adatiuza tonse pamsonkhano kuti sopo ndi klorini zisadzalowemo.

Lachiwiri lapitali tinkayembekeza alendo a bungwe lotithandiza. Cha m'ma 7 koloko m'mawa kudafika wapampando wa gulu, a Kalisto, amene ndi amuna anga, atanyamula chigubu chachikasu cha klorini wotsala nthawi ya kolera. Adati, "Alendo a pagalimoto adzanunkhize zimenezi? Mutichititsa manyazi." Ndidati, "Bambo, mupha tizilombo." Adayankha kuti, "Tizilombo timaphedwa, sitiwetedwa." Adathira m'matanki onse anayi, ine nditaima mapazi asanu kuchokera pomwe anali.

Pofika 10 koloko timababu tinali titazima. Alendo atafika n'kufunsa chifukwa chake, a Kalisto, atavala jekete ya kutchalitchi, adaloza a Gerevazio, mlonda wathu wa zaka 66, amvekere ndiwo athira mankhwala chifukwa cha nsanje. Palibe adatsutsa bodzalo, ngakhale ine. Masana omwewo apolisi adawatenga.

Lachinayi ndidapita kudimba. Madzi ankatuluka akuda bii, ndowe zikuyandama, ntchentche zili ng'waa pa kabichi amene amayi a m'gulu lathu amakagulitsa ku Linthipe. Koma chidandinyansa koposa n'choti nditafika kunyumba ndidapeza a Kalisto akutafuna chimanga chootcha pakhonde, akuuza anzawo za a Gerevazio kuti munthu wakuba amaonekera maso. A Gerevazio sadabepo ndi chitsononkho chomwe, ndipo lero n'tsiku lawo lachinayi m'chitokosi, opanda mankhwala awo a shuga.

Chigubu cha klorini chija a Kalisto adachibisa pansi pa nkhokwe. Ndachitenga lero m'mawa, ndi ichi ndapereka kwa wapolisi wolemba mawu anga.

Atandiona nacho, a Kalisto adati, "Ukakalowa pakhomo la polisi, usadzapondenso pakhomo panga." Ndikupempha kuti mawu amenewa alembedwe monga adawanenera. Mulembenso kuti iwo ndi mkamwini: nyumbayo ili pamalo a amayi anga, ndipo katundu wawo ndamuika kale panja.

Zomwe ndidaona ndi kumva zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo ndi zoona.

Wosaina: Monika Dzoole ........................