Mbuzi ya Apongozi

Gércio wa ku Chiuaula anasiya tchalitchi chaka chatha, ndipo aliyense wokumana naye ankamuuza kuti kumwamba kuli mitambo basi. Koma tsiku limeneli kunali kubwera makolo a Assia, Asilamu a ku Chimbonila, kudzaona kwawo kwa Gércioyo, mnyamata wofuna mwana wawo, ndiye mkuluyu anachita kuitana Che Yussuf, Msilamu wa m'deralo, kuti amuzingire mbuzi, poti Msilamu sadya yophedwa chisawawa.

"Zingani, Che Yussuf. Koma pakhomo panga pano dzina la Mulungu lisatchulidwe."

Che Yussuf anabweza mpeni m'thumba. "Ndiye si kuzinga kumeneko, bambo. Ndi kupha."

"Tchulani chamumtima."

"Mtimawo uli mwa ine, ine ndili pakhomo panu."

"Aaa! Chabwino, kazingireni kuseri kwa mpanda."

"Ndikabwera nayo, dzinalo lilowa nayo limodzi. Kapena alendo akadyere kumsewu?"

Gércio anagwira m'chiuno. Munthu woti anasowetsa chonena katekisita, lero thukuta kamukamu chifukwa cha mbuzi!

"Imvani kuno. Kulibe amene amamva mawu amenewo. Kulibe!"

"Ngati kulibe, mukuletseranji?"

"Ndi mfundo yanga!"

"Ooo, mfundo." Che Yussuf anayang'ana mbuzi, nayang'ana mwini wake. "Nanga mwandiitaniranji? Mpeni muli nawo."

"Apongozi sangadye yopha ine."

"Akaiona m'mbale adziwa?"

"Sangadziwe."

"Mbuzi inena?"

"Mbuzi sinena, Che Yussuf, musandiyese mwana."

"Kumwambako mwati kulibe woona. Ine ndikungofunsa, bambo, mwina sukulu yanga ndi yochepa. Mutaipha nokha n'kuwauza kuti yazingidwa, angakugwireni ndani?"

Gércio anaona m'maganizo nkhalamba ya ku Chimbonila ikusamba m'manja, ikudya ndi mtima wonse pakhomo pake, ndipo manyazi anamugwira ngati wachita kale.

"Ndinamize alendo? Anthu akundipatsa mwana wawo, ine ndiwadyetse chimene amasala?"

"Sadwala nayo."

"Si nkhani ya kudwala!"

"Ndi nkhani ya chiyani?"

"Ndi... sizichitika basi! Ndi zoipa!"

"Wanena kuti ndi zoipa ndani?"

Gércio anaigwetsa yekha mbuzi ija, kuipanikiza ndi bondo, n'kuitembenuzira khosi kumene Asilamu amayang'ana popemphera.

"Tulutsani mpeni, mutchule mokweza, Chiuaula yense amve! Zoti ndipusitse anthu osalakwa? Abale inu, Che Yussuf, simuopa Mulungu?"