Mnzanga wa tenisi sanabwere

Okondedwa omvera, ndine mayi wa ku Biwi. Zaka zija matipate atangoyamba, ndinkasewera tenisi ya awiriawiri ndi mnzanga wa ku Kawale, yemwe anali atangokwatiwa. Popita kubwalo tinkavala zitenje pamwamba pa masiketi aafupi, n'kukazivulira komweko.

Tsiku lina apongozi ake akudutsa anamuona akudumphira mpira, ntchafu zili pamtunda, ndipo anakanena kwa mwamuna wake. Loweruka lina tili ndi mpikisano, ndinamudikira mpaka oyendetsa masewero anafufuta maina athu. Nditamulondola kwawo, anangosuzumira pakhomo.

"Alamu ako andiletsa, mnzanga. Upeze wina," anatero.

Wina ndikanamupeza kuti? Kwathu konseko wodziwa tenisi ndinali ndekha.

Mpaka lero ndimamenyetsa mpira pakhoma la nyumba. Khomalo limabweza ndithu, koma silifuula kuti, "Usiye, ndi wanga!"